Dzina la tauni lili kuseri kwa bondo

Khadili ndinaligula madola 6 pa msika wa zinthu zakale kufupi ndi Elkhart, kuno ku Indiana m'dziko la America, Loweruka lina m'mawa nditangoweruka ntchito ya usiku. Ndi positikhadi, koma si losindikiza pa makina ngati aja a Nyanja ya Malawi ndi phiri la Mulanje amene tinkagula kale. Ndi chithunzi chenicheni, chotsukidwa papepala lolimba lomwe kuseri kwake kuli kale mizere ya adiresi ndi kabokosi komatapo sitampa.

Pachithunzipo pali amuna 14 m'mizere iwiri, kutsogolo kwa nyumba ya matabwa. Ambiri avala majekete a mabatani onyezimira, koma atatu ali ndi zipewa zokha za bandi, malaya ndi apanyumba. Kaya ndalama inathera panjira, kaya analowa mochedwa m'gululo. Kumapeto kwa mzere wakumbuyo kuli bambo wamtali wokumbatira tuba (lipenga lalikulu zedi) yopindika kukamwa kwake, ngati inagwapo pangolo. Kutsogolo, pansi, kamnyamata ka zaka mwina 12 kakhala ndi kang'oma kakang'ono, manja a jekete atapindidwa kawiri. Pamwamba pa mutu wa munthu wachitatu kuchokera kumanzere wina anaika X ndi inki, kutanthauza kuti uyu ndiye wathu. Pakati penipeni pali ng'oma yaikulu, ndipo pachikopa chake panalembedwa dzina la tauni, monga ankachitira mabandi ambiri nthawi imeneyo. Tsoka ilo, bambo wokhala pambali pake anatambasula mwendo, bondo n'kuphimba theka la dzinalo. Zimene zikuwerengeka ndi VILLE basi, ndipo m'munsi mwake CORNET BAND (cornet ndi lipenga laling'ono).

Nditalitembenuza, ndinapeza kuti kuseri kulibe cholembedwa chilichonse. Kuli timapepala takuda tinayi m'makona, totsalira ndi guluu. Ndinafunsa wogulitsayo kuti khadili linachokera kuti. Anandiyankha mosavutika mtima kuti anagula alubamu yonse pamene ana a mayi wina wokalamba ankagulitsa katundu wam'nyumba mayiyo atamwalira. Masamba ake anali akuda, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu olembedwa ndi inki yoyera. Iye anamatula makhadi onse, n'kuwagawa m'mabokosi monga mwa mitu yake, a sitima kwaokha, a ngozi za moto kwaokha, a mabandi kwaokha. Masambawo anataya.

Bamboyo sanabe kanthu, ndipo sanandinamize. Koma ndikunena pano kuti chimene anachita, chomwenso ogulitsa anzake ambiri amachita tsiku ndi tsiku, ndi kuwononga. Anasunga chikopa n'kutaya nyama.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikulimba mawu chonchi, muyenera kudziwa kuti khadi lotere linkapangidwa bwanji. Mu 1903 kampani ya Kodak inatulutsa kamera yopinda yotchedwa 3A, imene filimu yake inali yofanana ndendende ndi kukula kwa positikhadi, pafupifupi masentimita 8 m'lifupi ndi 14 m'litali. Wojambula ankangoika filimuyo pamwamba pa pepala la khadi, kuwalitsa, kutsuka, basi khadi latheka. Sipankafunika fakitale. Wojambula wa m'tauni, ngakhale mwini sitolo ya mankhwala wokhala ndi kachipinda kamdima kuseri, ankatha kupanga makhadi 12 kapena 20 a chithunzi chimodzi, okwanira oimbawo ndi abale awo. Sitampa yake inali senti imodzi, ndipo pa nthawiyi a positi anali atayamba kale kufikitsa makalata mpaka kumafamu. Kuyambira pa 1 Malichi 1907 boma la America linalola kuti kuseri kwa khadi kugawidwe pawiri, mbali ina adiresi, mbali ina uthenga. A ku Britain anali atayamba kale zimenezi mu 1902. Anthu anachita ngati apenga nawo makhadiwa. M'chaka cha boma chothera mu Juni 1908, positi ya America inanyamula mapositikhadi oposa 677 miliyoni, m'dziko limene anthu ake anali asanafike 90 miliyoni.

Ambiri mwa makhadi amenewo anali osindikiza, zikwizikwi zofanana, ndipo limodzi likatayika palibe wolira. Koma la bandi ya kumudzi ndi nkhani ina. Mwa makhadi 20 amene anatsukidwa zaka zoposa 100 zapitazo, ndi angati apulumuka moto, chinyezi, mbewa ndi kusamuka? Kawirikawiri khadi limene mwaligwira ndi lokhalo limene latsala, ndipo ndi umboni wokhawo woti gulu limenelo linakhalapo. Tsamba lakuda lija linali ndi dzina la tauni, mwinanso chaka, mwinanso dzina la munthu wa X uja. Madzi akatayika sawoleka.

Chimene ndingathe kudziwa ndekha n'chochepa. Kabokosi ka sitampa kazunguliridwa ndi mawu akuti AZO, dzina la pepala la Kodak, ndipo m'makona mwake muli timakona tatatu tinayi toloza m'mwamba tonse. Osonkhanitsa makhadi amadziwa kuti chizindikiro chimenechi ndi cha zaka zosapitirira 1918. Kuyambira pamenepo tiwiri tinayamba kuloza pansi. Popeza kuseri n'kogawa pawiri, khadi langali liyenera kuti ndi la pakati pa 1907 ndi 1918. Zaka 11, ndi tauni yothera ndi VILLE. Mukatsegula mapu a Indiana, Ohio, Michigan ndi Illinois n'kuyamba kuwerenga matauni othera ndi VILLE, tulo tikupezani musanamalize.

Wina anganene kuti, nanga pali vuto lanji? Amuna 14 osadziwika, ogwira malipenga, onse anafa kalekale. Chithunzi n'chokongola chokha, dzina likhalepo kapena lisakhalepo.

Ine ndikuti kukongolako n'kumene kumatipusitsa. Amuna amenewa sanaime pamaso pa kamera kuti adzakhale "anthu akale". Anaima monga bandi ya tauni yakutiyakuti, ndipo n'chifukwa chake anaika ng'oma pakati, dzina likuyang'ana kwa wojambula. Mu 1889 magazini ya Harper's Weekly inayerekeza kuti m'dziko la America munali mabandi pafupifupi 10,000. Ambiri sanali a asilikali kapena a akatswiri olipidwa. Anali a ometa tsitsi, osula zitsulo, alimi, makalaliki a kusiteshoni ya sitima, anthu oweruka ntchito madzulo n'kukakumana pamwamba pa sitolo kapena kuofesi ya ozimitsa moto kukayeserera. Tauni yopanda bandi inkaoneka yotsalira. Bandi inkaimba pa 4 Julaye (tsiku la ufulu wa America), pa tsiku lokumbukira asilikali amene anafa pankhondo, pa msonkhano wa ndale, pa maliro, potsegulira mlatho, komanso Loweruka madzulo pa kansanja ka pabwalo kuti alimi abwere m'tauni adzagule katundu. N'chifukwa chake eni masitolo ankasonkha nawo ndalama za zida ndi yunifolomu. Sikunali kukonda nyimbo kokha ayi, analinso malonda.

Zida zakezo zinali zoyenera anthu otere. Malipenga a mabatani atatu, amene Adolphe Sax anathandiza kuwakonza monga banja limodzi m'zaka za m'ma 1840, amakanikizidwa mofanana kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Mphunzitsi mmodzi ankatha kuphunzitsa gulu lonse, ndipo woimba lipenga lina akasamuka, mnzake ankangosinthira pamalo pakepo. Zala zolimba ndi khasu kapena nyundo sizivutika ndi mabatani atatu monga zingavutikire ndi vayolini. Ndipo zidazo zinkabwera pa sitima: munthu ankaitanitsa kudzera m'mabuku a malonda a Sears, Roebuck kapena Lyon & Healy a ku Chicago. Zambiri zinkapangidwa kuno kumene ndinagulira khadili. Charles Gerard Conn wa ku Elkhart, woimba cornet, anavulala mlomo pa ndewu, n'kudzipangira chopemerera chokhala ndi mphira m'mphepete kuti apitirize kuimba. Anzake atayamba kuchifuna, bizinesi inabadwa m'zaka za m'ma 1870, ndipo pambuyo pake Buescher ndi Martin anatsegulanso mafakitale awo m'tauni yomweyo. Amalawi ambiri a ku South Bend timadutsa mu Elkhart popita kuntchito osadziwa kuti tauni imeneyi inadzaza dziko lonseli ndi malipenga.

Tsono ukadziwa dzina la tauni, zonsezi zimakhala ndi poyambira. Ukhoza kupita ku laibulale ya boma laling'onolo, kutsegula nyuzipepala zakale za pamalopo, n'kupeza kuti bandiyo inayamba liti, ndani anapereka ndalama, inakangana ndi ndani, inatha bwanji. Ukhoza kupeza mdzukulutuvi wa kamnyamata ka jekete lalikulu kaja. Popanda dzina, chimene wagwira ndi chokongoletsera khoma.

Ndipo kukhoma n'kumene makhadi ambiri otere akuthera. Lowani m'malo odyera ena kuno, mupeza zithunzi zoterezi zitakulitsidwa, zitaikidwa m'mafelemu pafupi ndi mawilo a ngolo ndi nyali zakale, kuti wodya amve kuti kale kunali bwino, anthu ankakondana, tauni inali banja limodzi. Apa m'pamene ine, munthu wakuda wokhala ku Indiana, ndimayamba kudzikanda m'mutu. Chithunzi sichilira. Sichikuuzani ngati bandiyo inkaimba bwino kapena inkathamangitsa agalu. Koposa apo, sichikuuzani amene sanaloledwe kuima nawo pamzerepo. M'makhadi ambiri a matauni ang'onoang'ono a chigawo chino nkhope zonse n'zoyera ndipo n'zachimuna. Mabandi a amayi analipo, monga lotchuka la Helen May Butler, ndipo anthu akuda anali ndi awo, koma kwaokha. Matauni ena kuno sankalola munthu wakuda kupezekamo dzuwa litalowa. M'zaka za m'ma 1920 gulu la Ku Klux Klan, la azungu odana ndi anthu akuda, linali lamphamvu kwambiri ku Indiana, ndipo nalonso linkaguba ndi malipenga ndi ng'oma.

Sindikunena kuti amuna 14 anga aja anali otero. Chimene ndikunena n'chakuti funsolo silingafunsidwe n'komwe, chifukwa tsamba linatayidwa. Kuchotsa dzina kumatsuka chithunzi, kumachichititsa kukhala chosalakwa ndi chosathokozedwa nthawi imodzi.

Taganizirani zithunzi ziwiri zimene m'bokosi la wogulitsa zikhoza kugona limodzi pansi pa mutu woti mabandi a ana. China ndi cha ana a pa Jenkins Orphanage ku Charleston, South Carolina, nyumba ya ana amasiye akuda imene M'busa Daniel Jenkins anayambitsa mu 1891. Anawo ankaimba m'misewu ndi zida zopatsidwa kuti apeze ndalama zoyendetsera nyumbayo, anafika mpaka ku England, ndipo ena mwa iwo anadzakhala akatswiri a jazz. China ndi cha ana a pa Carlisle Indian Industrial School ku Pennsylvania, sukulu imene inatsegulidwa mu 1879 ndi cholinga chochotsa chikhalidwe cha makolo mwa ana a eni nthaka a ku America. Ankawameta tsitsi, kuwasintha mayina, kuwaletsa chilankhulo chawo, ndipo bandi inali chionetsero choti ntchitoyo ikutheka. Pazithunzi zonse ziwiri mudzaona anyamata, zipewa, mabatani ndi malipenga. Mukachotsa mawu, zafanana. Chikhalirecho lipenga lina linali njira yopezera chakudya ndi ulemu, lina linali mbali ya goli.

Tsopano ndiwachitire chilungamo ogulitsa, chifukwa mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Pakanapanda iwo, makhadi ambiri akanathera kudzala. Ana a mayi wokalamba uja sanaifune alubamuyo. Ndi iwo amene anaigulitsa pamodzi ndi mapoto. Mabungwe osunga mbiri m'matauni ang'onoang'ono amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri okalamba, opanda ndalama zogulira chilichonse. Wogulitsa amadzuka usiku, amathira mafuta m'galimoto, amalipira malo pamsika. Alubamu yathunthu imavuta kugulitsa, pamene makhadi 80 ogulitsidwa limodzilimodzi amabweza ndalama ndi phindu. Ndiponso zambiri zimene tikudziwa za AZO ndi timakona take tija anazitolera ndi anthu omwewa, ogula ndi ogulitsa, osati mapulofesa. Zonsezi ndikuvomera, ndipo ineyo ndi madola anga 6 ndili mumlandu womwewo, poti ndine amene ndimachititsa kuti bokosi la mabandi likhalepo.

Koma taonani kuchepa kwa chimene chikufunika. Sindikupempha kuti malonda aletsedwe kapena kuti alubamu iliyonse ipite kumyuziyamu. Wogulitsa aliyense masiku ano ali ndi foni m'thumba. Kujambula tsamba asanamatule ndi ntchito ya kamphindi. Kulemba kuseri kwa khadi ndi pensulo yofewa mawu amene anali pansi pake, ndi dera limene alubamu inagulidwa, n'chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zikanamupindulira iye mwini: aliyense woyenda m'misika imeneyi amadziwa kuti khadi lodziwika tauni yake limadula kuposa losadziwika, chifukwa pamakhala munthu wa m'tauni imeneyo amene akulifuna ndi mtima wonse. Bambo uja anataya ndalama zake zomwe pamodzi ndi masambawo. Si umbombo umene unamuchititsa, ndi changu ndi kusalabadira, ndipo zimenezi n'zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa zinali zopeweka.

Ogulafe tili ndi mbali yathu. Khadi limene dzina lake likuwerengeka pang'oma siliyenera kungogona m'kabati ya munthu ku California kapena ku Tokyo popanda a m'tauniyo kudziwa kuti liliko. Lisungeni, n'lanu, munalipira. Koma kutumiza chithunzi chake ku laibulale ya kumeneko sikukuchotserani kanthu.

Mabandiwa anatha mofulumira kuposa mmene eni ake ankaganizira. Mu 1906 John Philip Sousa, mfumu ya nyimbo zoguba, analemba m'magazini ya Appleton's kudandaula kuti makina oimba nyimbo adzapha chizolowezi choti anthu wamba aziimba okha. Anthu ena anamuseka, poti bandi yake yomwe inkajambulitsa nyimbo m'makina omwewo. Koma galamafoni inabwera, kenako nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene America inalowa mu 1917, inatenga anyamata, kenako galimoto, kanema ndi wailesi zinapatsa anthu kwina kopita Loweruka madzulo. Boma la Iowa linayesa kutchinga mu 1921 ndi lamulo limene George Landers wa ku Clarinda analimbikira, lolola matauni a anthu osakwana 40,000 kudula kamsonkho kothandizira bandi ngati ovota avomereza, ndipo maboma ena ambiri anatengera. Opanga zida, ataona msika ukuuma, anatembenukira kusukulu, n'kulipirira mpikisano wa mabandi a ana asukulu ku Chicago mu 1923. Lipenga linachoka m'manja mwa wometa tsitsi n'kupita kwa mwana wa sekondale, kumene lili mpaka lero. Ndiye kuti makhadi a pakati pa 1907 ndi 1918 anajambula chinthu chili pachimake koma chitatsala pang'ono kugwa, ndipo palibe aliyense pachithunzipo amene ankadziwa.

Pali chifukwa china chimene khadili linandigwirira mtima, ndipo ndichinene ngakhale chikundiyalutsa. Maimidwe amenewa ndimawadziwa. Mizere iwiri, ng'oma pakati, zifuwa kunja, nkhope zosaseka: ndi mmene amaimira a mganda kwathu ku Ntchisi akamajambulitsa. Si mwangozi. Beni wa ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati anafalikira nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pamene asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga anabwerera kwawo ataona perete ndi mabandi a asilikali. Dzina loti beni lomwelo linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza bandi. Makolo athu analibe buku la Sears loitanitsira zida, ndiye anatenga zikho n'kuzisandutsa malipenga, n'kuvala zoyera ndi masokosi aatali, n'kupanga chinthu chawochawo chimene mzungu sanachiyembekezere.

Kunyumba kwa mayi anga kuli chithunzi chimodzi chotere, chakuda ndi choyera, cha gulu la mganda limene agogo anga aamuna ankavina. Iwo ndimawazindikira, ali wachiwiri kumanja. Ena onsewo ankawadziwa ndi azakhali, mayina awo, midzi yawo, ndi amene anakwatira mlongo wa mnzake. Nditapita kumudzi ulendo wina anandiitana, chithunzi chili m'manja.

"Bwera ndi cholembera, mwanawe, ndikuuze anthu awa."

"Ndibwera madzulo, azakhali, ndithamangire kaye kumsika."

Madzulo kunabwera alendo, m'mawa mwake ndinanyamuka. Azakhali anatisiya chaka chotsatira. Choncho ndikamadzudzula bambo wa pamsika uja, ndikudziwa kuti chala chimodzi chikuloza iye, zitatu zikuloza ine.

Khadi la VILLE lili patebulo panga m'kathumba ka pulasitiki. Ndaliyang'ana ndi galasi lokulitsa kangapo konse. Pamwamba pa bondo la bambo uja pakuoneka kansonga ka chilembo chimene chili patsogolo pa V, chopindika ngati S, ngakhale mkazi wanga akuti ndi R. Pawindo la nyumba yakumbuyoko pali mawu ena ofufutika, ndipo atatu omaliza akuoneka ngati a sitolo ya zitsulo. Mwezi wamawa kuli msika wina waukulu, ndipo bambo uja anati adzakhalako ndi mabokosi ake onse. Ndikufuna ndikafufuze m'bokosi la masitolo ndi la misewu, mwina muli khadi lina la m'alubamu yomweyo, lokhala ndi timapepala takuda m'makona, pamene nyumba ya matabwa ija ikuoneka yonse.